VPN Yodzuka Yokha ku Chiputo

Chaka chimene ndinayamba unamwino pa kachipatala ka ku Chiputo, anatipatsa komputadore yonyamula m'manja yoti tizitumizira nkhani za odwala ku Tete ndi kulandirirapo zotsatira za magazi. Zinthu zotere siziyenda poyera, choncho zinkadutsa mu VPN. Msuweni wanga wokonza makomputadore ku Fingoe ankati VPN ili ngati una wa mbewa: kalowera kuno, kakatulukira uko, kabawi osaona.

Vuto linali lakuti batire la sola likatha, makina ankazima, ndipo tikayatsanso, VPN inkangokhala chigonere. Woidzutsa anali msuweniyo, amene ankabwera pa mota, njinga yake yamoto. Mvula itakhazikika, msewu unasanduka phala, mota osafika.

M'mawa wina ndinanyamula komputadore kupita pachulu cha kuseri kwa chipatala, pokhapo pamene foni inkagwira bwino. Azamba athu, mayi aakulu amene anakulira ku Zambia nthawi ya nkhondo, ananditsatira ndi ambulera. Pakhonde tinasiya mayi woyembekezera amene ankadikira zotsatira zake.

"Msuweni, bwera ngakhale wapansi," ndinatero pa foni.

"Ndimire m'matope chifukwa cha iwe? Lero uiphunzitsa VPN imeneyo kudzuka yokha. Tsegula pamene pali kachizindikiro ka loko."

Ananditsogolera pang'onopang'ono. Ndinaisonyeza pamene pali kiyi wake wachinsinsi kuti isamafunsenso munthu. Ndinachonga kabokosi kolembedwa m'Chipwitikizi kuti iziyamba makina akangoyaka, kenako kena koti rede, ndiye kuti netiweki, ikaduka iziyesanso yokha. Ndinkamva ngati tsiku limene ndinayamba kupalasa njinga popanda wondigwirira.

"Tsopano zimitsa," anatero msuweni.

"Ndizimitse dala?"

"Nanga udziwa bwanji kuti yamva?"

Ndinazimitsa. Azamba anawerama, ambulera n'kupendekeka, madzi n'kumandidonthera m'khosi, ine osasuntha. Nditayatsa, ndinabisa manja kumbuyo kuti aliyense aone kuti sindikukhudza kanthu. Kaloko kanaoneka kotuwa, kanaphethira, kenako kanabiriwira.

Ndinalumpha pachulupo mpaka nsapato imodzi inatsalira m'dothi. Azamba anaimba nthungululu, anthu odikira pakhonde n'kudzuka, poganiza kuti kwabadwa mwana.

"Mwanangu, ndiye kuti mawa ikadzuka yokhanso?" anafunsa azamba.

"Tsiku lililonse, amayi."

Zotsatira zinafika tisanatsike. Mayi uja magazi ake anali ochepa chabe. Tinam'patsa mapiritsi, mwamuna wake n'kumukweza pa njinga dzuwa lisanafike pamutu.

Masana ndinazimitsanso ndi kuyatsa, kungofuna kuona kubiriwira kuja. Nditafuna kubwerezanso, azamba ananditsekera komputadore.

"Basi, mwanangu. Kunja kuli mitambo, batire lija tilifuna madzulo."