Nyenyezi ya pa Mng'alu

Nyenyezi ija inali ya chitini cha mafuta ophikira, ndipo nsonga yake imodzi inali yaifupi chifukwa sizasi ya Amayi inakana kudula polumikizira chitinicho. Kumbuyo kwake kunatsala theka la chithunzi cha mpendadzuwa. Kutsogolo ndinaikwecha ndi phulusa mpaka ndinkaonamo mphuno yanga. Ndinali giledi folo, tikukhala ku Bulangililo, ndipo imeneyo inali Khirisimasi yathu yomaliza m'nyumba imene ndinabadwiramo. Akuluakulu onse ankadziwa kuti nyumbayo ikugulitsidwa. Ine ndekha ndinkayesa kuti tikungoikongoletsa.

Zinayambira kusukulu. Sabata yotsekera, aphunzitsi athu anatiuza kuti tibweretse zinyalala. Tinayang'anana, poti anali aphunzitsi omwewo amene ankatitsina khutu akapeza kapepala pansi pa desiki. Tinatola zotsekera za mabotolo kuseri kwa mabala, mapepala onyezimira a m'mapaketi a ndudu, makatoni a maheu, ndi timawaya tofiira ndi tachikasu timene anthu a kumgodi ankabwera nato m'matumba. Anatiphunzitsa kudula mapepala ndi kuwalumikiza kukhala unyolo, kusalaza zotsekera ndi mwala, ndi kumwaza thonje pa nthambi kuti likhale chipale chofewa. Palibe amene anafunsa kuti chipalecho chikudzatani m'mwezi wa mvula ndi inswa. Mawu awo awiri ndiwo anandikhala m'mutu. Anati nyenyezi malo ake ndi pamwamba pa mtengo wa Khirisimasi, si pena ayi. Anatinso pa holide adzayendera nyumba zathu kudzaona wopambana, ndipo akalephera adzatuma anthu. Lero ndili ndi ana anga, ndikudziwa kuti mawu otere amanenedwa kuti ana apeze chochita asiye kuvuta makolo. Nthawi imeneyo ndinawakhulupirira ngati Uthenga Wabwino.

Ndinafika kunyumba ndi thumba langa la zinyalala. Amayi anali munthu wodana ndi zounjika. Kachitini kakangokhala pakhonde tsiku limodzi, mawa lake mukakapeza kudzala. Komanso chaka chimenecho anali osachedwa kupsa mtima. Atate anali atachotsedwa ntchito kumgodi, anapita ku Solwezi kukafuna ina, ndipo mvula inayamba iwo asanabwere. Koma Amayi anasuzumira m'thumbamo, anatulutsa kawaya kamodzi, nakakulunga pa chala. Kenako anati ndikatolenso zina, zimenezi zachepa. Ndinadabwa, koma mwana akapatsidwa chilolezo safunsa kumene chachokera.

Tinagwira ntchito imeneyi masana onse a sabata yotsatira, mvula ikuwomba malata. Amayi ankaphika phala lopyapyala la ufa wa chinangwa lomatira mapepala, ndipo nyumba yonse inkanunkha chinangwa chowawasa. Zala zanga zinkamatana, zikauma ndinkasenda ngati khungu la njoka. Anang'amba pilo wakale kuti tipeze thonje. Anatsitsa makalendala akale a kuparishi, amene kale kungowakhudza kunali mlandu, nandiuza ndidule miyezi yonse ndisiye zithunzi zokha. Ankadula mofulumira kuposa ine, koma osayimba, pamene Amayi ankayimba ngakhale potsuka mbale.

Kenako anafika Amalume a ku Twapia, mlongo wawo wa Amayi, atasenza nthambi ya paini imene anathyola m'mbali mwa msewu wa ku Ndola. Amalume ankagulitsa zinthu zakale pamsika, ndipo anali munthu woti akhoza kukugulitsani nsapato imene mwavala kale, inu n'kuthokoza. Nthambiyo tinaiimika m'chitini cha penti, tinaitsendera ndi miyala yakuda ya kumulu wa zotsalira za mgodi. Ine ndinathamangira nyenyezi yanga kuti ndiimange pansonga. Amalume anandilanda mwaulemu, akuiyamikira, koma maso awo anali pakhoma.

Pakhoma la pabalaza panali mng'alu. Unkayambira pakona ya kudenga, kutsika mokhotakhota mpaka kuseri kwa mpando wa Atate. Anthu ankati ndi chifukwa cha kuphulitsa miyala pansi pa nthaka, ena ankati ndi madzi, ine sindikudziwa. Chaka chilichonse mvula isanayambe, Atate ankakanya simenti m'mbale yakale n'kuitsendera mu mng'alumo ndi zala, ndipo chaka chilichonse mng'aluwo unkatsegukanso pambali pake. Chaka chimenecho panalibe wotseka. Kumtunda kwake munkalowa chala cha munthu wamkulu, ndipo pamenepo ndi pamene Amalume anakhomera msomali n'kupachika nyenyezi yanga.

Ndinawauza kuti aphunzitsi anati pamwamba pa mtengo. "Aticha ako aja anawerenga buku lakale," anatero Amalume. "Manje nyenyezi zikhala pa khoma, mwana wanga." Ndinayang'ana Amayi kuti andithandize. Iwo anali kalikiliki kupala phala m'kapoto.

Kuyambira pamenepo chilichonse chinapita kumene sichinayenere kupita. Unyolo wanga wautali, umene ndinkafuna uwoloke balaza lonse ngati wa m'sitolo za m'tauni, anautsitsa mokhotakhota kuchokera pa nyenyezi mpaka kuseri kwa mpando. Thonje anandiletsa kuika pa mtengo, analimata pakona ya kudenga pamene panali banga lakuda la mvula. Chithunzi cha Banja Loyera anachimata pa galasi losweka la zenera. Khola la Mwana Yesu, limene ndinapanga ndi katoni ya maheu ndi udzu, analikhazika pakati pa njira yopita kuchipinda, pamene simenti inakumbika, moti aliyense ankalidumpha. Mtengo unangoima wosavala, uli ndi zotsekera za mabotolo zokha. Ndinalira pang'ono kuseri kwa nyumba. Ndinkaona kuti akulu awiriwa sadziwa kukongoletsa, ndipo andilepheretsa mpikisano.

Kutatsala masiku owerengeka kuti Khirisimasi ikwane, Amayi anandisambitsa m'mawa ngati Lamlungu, nati kukubwera alendo odzaona nyumba. Sindinafunse zambiri. Mumtima ndinati basi, aphunzitsi atuma anthu awo.

Anali bambo wina wovala jekete ya kumgodi, ndi mkazi wake ali ndi khanda kumbuyo. Ankalankhula Chibemba, ndiye tonse tinasinthira ku Chibemba monga tinkachitira tikangotuluka pageti. Ine ndinaima pafupi ndi mtengo, manja kumbuyo, kudikira mafunso. Bamboyo anadutsa mtengowo osauyang'ana, anapita kukatsegula mpopi. Anakasuzumira kuchimbudzi. Anagogoda chitseko cha kuchipinda ndi chala, akumvetsera ngati akusankha chivwende. Mkazi wake ankayeza zenera ndi zikhatho. Mumtima ndinati oweruza awa ndi okhwima, akufuna aone ngati nyumba yonse ndi yaukhondo. Ndiye ndinayamba kuwalondola, kuwafotokozera osafunsidwa kuti unyolo uwu ndi wa miyezi ya kalendala, belu ili ndi la chotsekera. Amalume ankaseka mokweza, akuyenda cham'mbali kuti msana wawo ukhale kukhoma lija.

Mayiyo yekha ndiye anandimvetsera. Anaima pansi pa nyenyezi, anamasula khanda n'kulinyamula kutsogolo, ndipo khandalo linatambasula dzanja kufuna chonyezimiracho. Anauza mwamuna wake kuti pakona iyi ndi pabwino, mwana azigona pomwepa masana iye akamasoka.

Amayi anali chiimire pakhomo la kukhitchini kuyambira pamene alendo analowa. Atamva zimenezo anabwera, anakoka mpando wa Atate, anavula patapata, nakwera. Anachotsa nyenyezi yanga pa msomali. Unyolo unatsatira wokha, kumatuka pang'onopang'ono mpaka pansi, ndipo mng'alu wonse unaonekera, wakuda, uli ndi zigamba za simenti m'mbali mwake.

"Alongo, manje mwachita chiyani?" anatero Amalume m'Chinyanja, mawu ali pansi.

"Aone," anatero Amayi.

Ine ndinaona ngati dziko latha. Amayi anga enieni anali atagumula ntchito yanga pamaso pa oweruza. Ndinkayang'ana uku ndi uku kufuna wina andiuze chimene ndalakwa, koma palibe amene ankandiona. Bamboyo analowetsa chala mu mng'alumo. Amayi, akali pampando, anaika zala zawo pa chigamba china, pamene zala za Atate zinadinda simenti isanaume. Zala za Amayi zinali zazing'ono, sizinadzaze malowo.

Mayi uja anayang'ana Amayi pampandopo. Anaseka pang'ono, osati monyoza, nati, "Bamayo, tsikani mungagwe. Mng'aluwu tauona kale tikulowa pageti. Ukuonekera ndi kunja komwe." Zinalidi choncho. Mng'aluwo unali utaboola khoma lonse, ndipo aliyense wodutsa mumsewu ankauona. Amalume, katswiri wa malonda wa ku Twapia, anatha sabata yathunthu akubisa m'kati chinthu chimene chinali poyera kunja. Anakanda m'mutu, natuluka kukauyang'ana ngati auona koyamba.

Akuluakulu anakakambirana pansi pa mtengo wa mapeyala, ine atandituma kukagula shuga amene tinali naye kale. Nditabwerako ndinapeza akutsanzikana. Mayi uja anatola nyenyezi patebulo, anaitembenuza, anaona mpendadzuwa wodukawo, nandifunsa ngati ndinapanga ndekha. Kenako anapempha Amayi kuti ulutanda ulu, nyenyeziyi, tisadzaichotse, mwana waikonda. Amayi anagwedeza mutu movomera. Madzulo ake anakweranso pampando n'kuibwezera pa msomali womwewo.

Ndinauza ana onse a mumzere wathu kuti ndapambana. Ndinati oweruza aikonda nyenyezi yanga mpaka alamula kuti isachotsedwe. Pa Khirisimasi tinapita ku Misa, tinadya mpunga ndi nkhuku, Atate anatiyimbira kudzera pa foni ya aneba ndipo Amayi anakalankhula nawo kuseri kwa mpanda, atatipatsa msana. Ine ndinkadikira mphoto.

Nditakula ndinawafunsa Amayi chifukwa chimene anakwerera pampando paja. Tsiku lina anati sakanatha kulandira Ukaristia atanamiza mayi wa khanda. Tsiku lina, tikusenda nyemba, anati ankayembekeza kuti anthuwo akauona athawa, nyumba itsala. Nditawakumbutsa yankho loyamba, anati ndimafunsa kwambiri ngati wapolisi. Amalume mpaka lero amalumbira kuti inali pulani imene anapangana awiriwo kuti ogula awakhulupirire. Ine ndimakumbukira zala zija pa simenti, ndipo ndimaganiza kuti mwina ankangofuna kuzionanso asanachoke. Sindikudziwa, ndipo ndikukayika ngati iwo eni ake ankadziwa.

Chaka chatsopano chitangolowa, kunabwera lole. Tinkasamukira ku Garneton, m'kanyumba kosatha pa puloti ya munthu wina wa kutchalitchi. Mpando wa Atate anaukweza miyendo m'mwamba, mtengo wa paini unali utayoyoka kale kudzala, ndipo thonje Amayi analichotsa ndi tsache. Nditalowa komaliza kukatenga patapata wanga, balaza linali lopanda kanthu, mawu anga ankabwerera. Pakhoma panatsala nyenyezi yokha, ndipo mng'alu unkatulukira pansi pake.

Pa lole ndinakhala pa matiresi pafupi ndi Amayi, pulasitiki itatiphimba chifukwa kunkawaza. Ndinawafunsa kuti mphoto ija adzaibweretsa kuti, poti aphunzitsi sakudziwa ku Garneton. Anandikonza kolala, nati ndigwiritse poto angagwe. Ndinagwira potoyo njira yonse, ndikuwerengera m'mutu mwanga mobwerezabwereza, koma sizinkatheka. Wopambana ndinali ine, aliyense anamva. Nanga zinatheka bwanji kuti nyenyezi ndiyo itsale m'nyumba, ife n'kutuluka?