Timabuku ta Mayi Mwalwimba

Mayi Keziya Mwalwimba, mlimi wa mpunga amene anthu a ku Mwenilondo amamupatsa ulemu, akhala ndi kachilombo ka hepataitisi B m'chiwindi kwa zaka khumi ndi ziwiri. Amamwa piritsi limodzi m'mawa uliwonse, mowa salawa, ndipo owabweretsera mizu amawabweza mwaulemu.

Chaka chatha ukwati wa mwana wawo wamkazi Lughano unatsala pang'ono kutha usanayambe. Malume a mnyamata wofuna kumukwatirayo anafika ndi mawu akuti ng'ombe za malowolo sizingapite ku mtundu wodwala chiwindi. Mayi Mwalwimba sanakweze mawu. Analowa m'nyumba natuluka ndi timabuku ta kuchipatala: tawo tisanu, ndi ka Lughano kosonyeza kuti alibe kachilomboko ndipo analandira katemera. Mphunzitsi wa pamudzipo anawerenga mokweza, tsamba ndi tsamba, mpaka malume aja anayamba kukanda m'mutu. Ng'ombe zinafika sabata yomweyo.

Chimene anthu amabwereza mpaka lero ndi funso limene mayiwa anafunsa poperekeza malume aja, akuwatchula kuti asebele, dzina loitanirana makolo a mbali ziwiri za ukwati: "Asebele, changa chiwindi adokotala amachiona kawiri pachaka, ndipo chikugwira ntchito. Nanga chanucho anachionapo ndani?"