Mbali Imene Inagwera Tadala

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene mayi ake a Tadala anandifunsa ngati Chilatini chimaphikidwa. Sananene mwaukali. Anali atangochoka kunkhokwe, kumene anapeza chimanga chatsala pang'ono kutha mvula isanayambe n'komwe, ine ndili pakhonde kukonzekera phunziro la mawa. Ndinaseka, koma mawuwo anandilowa.

Nthawi imeneyo ndinali mmodzi wa aphunzitsi atatu pa kasukulu kachikhristu kamene Mayi Kamwendo anayambitsa kwathu ku Nachisaka. Mayiwa anali atapuma pa ntchito ya uphunzitsi m'boma, ndipo anali ndi maganizo awoawo. Ankati ana aang'ono aziloweza, okulirapo aphunzire kufunsa chifukwa cha chinthu chilichonse, akuluakulu aphunzire kulankhula zomveka pamaso pa anthu, ndipo zonsezi ziziyambira pa Baibulo. Anawonjezerapo Chilatini, ati chimalimbitsa mutu. Tinayambira m'chigafa cha fodya cha mlamu wawo, ana atakhala pa njerwa, ndipo mpaka lero anthu amangoti sukulu ya pa Chigafa. Kumudzi ankatiseka. Bambo wina anandiimitsa panjira, nati, "Aphunzitsi, Chilatinicho mwana wanga akalankhula ndi ndani, mbuzi?" Ntchitoyo ndinkaikonda ndi mtima wonse, koma miyezi ina malipiro ake anali ndowa ya mtedza.

Nditapita kukatsanzika, Mayi Kamwendo sanandiletse. Anangoti, "Pitani bwino. Mwanayo akakula mudzatipatse." Tadala, mwana wathu mmodzi yekhayo, anali ndi zaka zinayi. Ndinamuuza kuti ndibwera pakatha zaka ziwiri. Ndinakhala zaka khumi ndi chimodzi.

Ku Joni palibe anandifunsapo ngati ndinagwirapo choko. Ndinatsuka magalimoto, ndinadula kapinga kunyumba za azungu, kenako ndinapeza ya ulonda pa sitolo ina ya zitsulo. Ndinkagona m'kachisakasa ka malata ndi amuna awiri a ku Ntchisi, ndipo tikakumana madzulo tinkangokamba za mvula ya kwathu, ngati kuti ikutinyowetsa ifeyo. Tsiku lowawa linali Lamulungu. Ndinkavala jekete, n'kupita kutchalitchi kumene palibe ankadziwa dzina langa, n'kubwerera kudzakhala pabedi jekete lili m'thupi mpaka dzuwa kupendeka. Ndinali wosungulumwa kwambiri, ndipo kunyumba sindinkanena.

Pa nkhani ya ndalama palibe angandiloze chala. Ndinkatumiza. Zinafolera nyumba, zinagula feteleza, ndipo Tadala atakwana msinkhu zinamulowetsa pa Chigafa. Mapepala anga ondilola kukhala m'dzikomo anatha mphamvu, ndiye ndinkaopa kuti ndikangowoloka malire sindidzabwereranso. Chaka chilichonse ndinkati chamawa.

Sukuluyo ndinaiona ikukula pa zithunzi za pafoni. Choyamba inali buloko ya njerwa zimene makolo anaumba okha. Kenako anatsegula sekondale, anamanga mogona ana a kutali, anakumba mjigo. Anayamba kubwera ana a ku Ntchisi boma, a ku Dzaleka, mpaka a ku Lilongwe obwera pa galimoto za makolo awo. Bambo uja wa mbuzi ndinamva kuti ndiye anadzakhala wapampando wa komiti ya makolo. Ndinkanyadira, komanso nsanje inalipo, ndisaname. Zinthu zinkayenda bwino popanda ine.

Tadala ali wamng'ono ankandijambulira mawu pafoni, akulakatula salimo kapena kuwerenga manambala m'Chilatini, ndipo ndinkamvera mobwerezabwereza mpaka anzanga aja kundiletsa. Atafika zaka khumi ndi ziwiri anasiya. Ndikaimba iye n'kuyankha, ndinkangomva akuti, "Amayi, foni yanu." Akamukakamiza ankati, "Ndili bwino, kaya inu," basi. Ndinapirira zaka zitatu, kenako ndinaona kuti mwana ndikumutaya. Chimene chinandikweza basi n'chimenecho.

Nditafika anandigwadira bwinobwino, n'kundipatsa madzi osamba m'manja, monga achitira ndi mlendo wolemekezeka. Mlungu wonse sanandilakwire kalikonse, ndipo sanandiuze kalikonse.

Lachisanu mayi ake anati tipite kusukulu, chifukwa linali tsiku la mtsutso, pamene ana a sekondale amatsutsana pamaso pa makolo. Mlonda wa pageti anandifunsa kuti ndine ndani. Ine! Ndinatsala pang'ono kumuuza kuti malo aimawo ndinazulapo zitsa ndi manja angawa, koma ndinangolemba dzina m'buku. Mayi Kamwendo, tsopano oyendera ndodo, anandizindikira msanga, nandikhazika kutsogolo.

Mphunzitsi wina anawerenga mutu wa tsikulo: bambo wopita kunja kukafuna ntchito amathandiza banja lake kuposa wotsala pamudzi. M'holo monse munamveka kung'ung'udza, pakuti amayi ambiri mmenemo amuna awo ali ku Joni. Woikira kumbuyo mutuwo ataitanidwa, amene anaimirira anali Tadala.

Sindinamvepo mwana akulankhula chotero. Sanagwire pepala. Anati bambo wotere amadya zosakoma kuti ana ake adye zokoma, amanyozedwa ndi anthu amene sadziwa kuti kwawo ndi munthu wolemekezeka, ndipo amabisa misozi kuti otsala asadandaule. Anatchula Yakobo amene anatumiza ana ake ku Igupto nthawi ya njala. Mnzake wotsutsana naye atanena kuti ndalama sizilera mwana, iye anayankha modekha kuti njala nayo silera mwana. Ine misozi inangoti mbwembwembwe. Oweruza atanena kuti wapambana, ndinaimirira ndekha n'kumaomba m'manja. Mayi ake ankandikoka jekete. "Bambo a Tadala, takhalani kaye pansi." Sindinawamvere.

Panja ndinamuthamangira, anthu akuona. "Mwana wanga, zikomo. Sindinkadziwa kuti umandimvetsa chonchi."

Anayang'ana pansi. "Ababa, ndi mbali imene inandigwera. Timatola timapepala m'chipewa m'mawa womwewo. Aliyense amakonzekera mbali zonse ziwiri."

Aliyense pabwalopo ankadziwa zimenezi kupatula ine. Mayi Kamwendo, amene anali pambali pathu, anandigwira pamkono. "Tinayamba mutachoka kale, aphunzitsi. Mwana asamangodziwa zomuwawa yekha. Azitha kunenanso za mnzake, mwachilungamo, ngakhale sakugwirizana naye."

Manyazi amene ndinachita sindingawafotokoze. Tinauyamba ulendo wobwerera kunyumba, mayi ake patsogolo, ife awiri pambuyo. Potsika kudambo ndinayamba kuganiza bwino. Mwanayu, kaya anatola kapepala kaya sanatole, anakhala pansi n'kulingalira za moyo wanga mpaka kuufotokoza kuposa mmene ndikanaufotokozera mwini wakene. Sukulu imene ndinaithawa ndiyo inamuphunzitsa zimenezo. Nanga ine, akanandiimika kutsogolo kuja kuti ndinene mbali yake, ndikananena chiyani? Sindinkadziwa ngakhale dzina la mnzake wapamtima.

"Ndiye mbali inayo unakonzekeranso?" ndinafunsa.

"Eya."

"Inali bwanji?"

"Amatipatsa mphindi zisanu. Mbali imeneyo sinkakwanamo."

"Undiuze. Kuno kulibe woimba belu."

Anayang'ana mayi ake, koma iwo anangowonjezera liwiro osacheuka. Tinayenda pang'ono. Kenako anayamba motsitsa mawu, osati ngati m'holo muja. Ananena za tsiku limene anadwala malungo mayi ake n'kumubereka mpaka kumsewu, ali msinkhu woti sangaberekedwenso. Ananena za Khirisimasi iliyonse imene ankasesa pabwalo kawiri chifukwa ndinali nditati mwina ndibwera. Pakamwa panga panadzaza zoyankha, za mapepala, za malire, koma ndinazimeza. Zonse zimene ankanena zinali zoona.

Tinafika pakhomo asanamalize. Ndinaganiza kuti athawira kukhitchini monga ankachitira mlungu wonsewo. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mipando iwiri, n'kuiika moyang'anizana.

"Khalani pansi, Ababa," anatero akupukuta m'maso. "Zatsala mfundo zitatu."