Galaja ya Kutsidya kwa Ngalande

Bambo anga atagwa ndi sitiroko, achipatala sanapite m'mbali: sawatulutsa pokhapokha kunyumba kutakhala chipinda chapansi chokhala ndi chimbudzi chake. Tikalephera, awapititsa kunyumba yosungira okalamba. Ife tinkakhala kupitirira Romford, kumapeto kwa London, kumene mabasi ofiira amatembenukira, ndipo zipinda zogona ndi bafa zonse zinali m'mwamba. Kuseri kunali galaja yakale. Azibambo a kutchalitchi kwathu anati aikonza okha, ine ndingopeza chilolezo cha khonsolo.

Koma khonsolo yake iti? Pakati pa nyumba ndi galaja pankadutsa ngalande, ndipo mzungu woyandikana nafe ankati London amathera pa ngalande yomweyo. Msonkho wa nyumba tinkapereka kukhonsolo ya mbali ino. Za galajayo palibe ankadziwa.

Ndisanapite kukafunsa, bambo anandikodola kuti ndisendere pafupi ndi bedi. Pakamwa panali patapotoka, koma mawu ankamveka.

"Iwe, usakatchule nambala ya nyumba kumeneko."

"Bambo, ndi khonsolo chabe. Ya konkuno."

"Boma ndi boma. Amapatsana mapepala."

Anathawa ku Malawi ine ndili kumsana, anzawo ena atayamba kusowa. Pamene ankandiuza izi, kwathu anthu anali atavota kale kuti akufuna zipani zambiri, koma iwo ankati makutu a boma aja sanagonthe. Anali atamvanso kuti ukapempha kumanga, amapachika chikalata pamtengo wa magetsi kuti aliyense wodutsa adziwe khomo lako. Mayi anangoti, "Mvera bambo ako." Ndinamvera, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwira.

Tangoganizani munthu wamkulu, wa digiri yake, kuima pawindo la ofesi n'kumafunsa ngati wakuba. Kalaliki akuti, "Adiresi?" Ine ndikuti ndikufunsira mnzanga, nyumba yake ili penapake chakumalire. Kalalikiyo sanadzutse n'komwe mutu. Anati zakumalire ndikafunse kukhonsolo ya kutsidya. Kutsidyako anati za ku Romford ndi za London, ndibwerere kumene ndachokera. Mayi wina wa magalasi ananditumiza kuofesi yaikulu ya chigawo chonse, ulendo wa sitima ndi basi, ndipo kumeneko anandiuza mwaulemu kwambiri kuti iwo amaona za misewu ndi masukulu, osati magalaja. Ulemu wawowo ndi umene unkandipsetsa mtima koposa. Pa onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati, nayi mapu, lozani nokha.

Madzulo ndikafika kuchipatala, bambo sankafunsa ngati ndapeza chilolezo. Ankafunsa ngati ndatchula. Ndinkafuna kuwagwedeza paphewa, munthu wodwala! Ndinkakwiyira iwo, ndinkakwiyira makalaliki, koma makamaka ndinkakwiyira anthu amene anawaika mantha amenewa m'mafupa, anthu amene sindinawaonepo ndipo ankadya bwino kwawoko.

Masabata anapita. Njerwa zimene a kutchalitchi anasonkha zinayamba kumera ndere pabwalo. Kenako namwino wamkulu anandiimbira foni kuntchito kuti bedi likufunika, wina akulidikira. Tsiku lomwelo ndinabwerera pawindo loyamba lija n'kutchula adiresi yonse, mokweza, mpaka anthu pamzere anatembenuka.

Kalaliki anatulutsa mapu m'kabati imene inali kumbuyo kwake nthawi yonseyi. Mzungu woyandikana nafe uja sananame: kalalikiyo anati galaja ndi ya kutsidya, koma kakhonde kolumikiza galajayo ndi nyumba kadzakhala mbali ino. Ndiye kuti zilolezo ziwiri, khonsolo iliyonse ndi nthawi yake, miyezi ingapo. Ndinamufunsa kuti bambo anga azigona kuti pa miyezi imeneyo. Anati zimenezo n'za dipatimenti ina.

Bambo anawatengera kunyumba ya okalamba sabata yotsatira. Sindinawauze kuti ndinatchula, ndipo sanafunsenso. Atangokhalako pang'ono sitiroko inawabwereranso, yaing'ono, koma inawachotsera Chingerezi chonse, munthu amene ankakonza zolakwika m'nyuzipepala za azungu ndi bolopeni yofiira. Anatsala ndi Chichewa chokha.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinawapeza atakhazikidwa pampando moyang'ana zenera. Mtsikana wowasamalira anandilandira akumwetulira. Anati bambo anga ndi osangalala lero, akhala akuwaimbira kanyimbo kakwathu, mawu amodzimodzi mobwerezabwereza.

Ndinagwada pafupi nawo. Milomo inali itauma mpaka kung'aluka.

"Wabwera?" anatero. "Auze anthuwa. Ndakhala ndikupempha madzi kuyambira m'mawa."