Kansalu Koyera pa Nyanja Youma

Ndodo ija ndikadali nayo. Imakhala kuseri kwa chitseko pamodzi ndi tsache, ndipo adzukulu anga amagwetsera mango. Mutu wake ndi wachitsulo, wopendekeka ngati kakhasu kopindika, ndipo timizere take dzimbiri linatseka kalekale. Amalume ankaitcha weji.

Tsiku limene ndinayamba kuidziwa ndimalikumbukira chifukwa ndinalilemba. Ndinali mu Sitandade 5, ndipo ndinali ndi kakope kamene ndinkalembamo zonse zimene pakamwa panga pankakana kunena. Linali Loweruka, kumayambiriro kwa Okutobala, chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa. Ndinalemba kuti: "Ndimatsuka mbale, amalume andiitana. Akuti ndiwabwereke maso."

Amalumewa anali mlongo wawo wa amayi. Anakhala zaka zambiri ku Zomba, pabwalo la gofu, akunyamulira azungu chikwama cha ndodo. Koma ntchito yeniyeni sinali ya phewa, inali ya maso. Bwana akamenya kampira, iwo ankayenera kuona pamene kagwera, kaya ndi muudzu kaya kuseri kwa mtengo. Chaka chimenecho timipira tinayamba kuwasowa. Kapitawo wawo anawauza kuti akapumitse maso kumudzi, mvula ikagwa abwere adzawayese. Akadzaona bwino, chikwama chawo adzachipeza. Anafika kwathu ndi bulangete, timipira titatu tachikasu ndi ukalamba, ndi ndodo imeneyi, imene mzungu wina anawasiyira pobwerera kwawo.

Nyanja inali itathawa. Pamene anthu ankavuulira matemba panali dothi lotuwa, long'ambika ming'alu yolowa phazi. Mabwato anangoti mbwee chafufumimba pakati pa njedza zouma. Anthu ankapita ku chilumba cha Chisi wapansi, mitolo ili pamutu, ndipo mphepo ikawomba fumbi lake linkasiya mchere m'milomo. Amuna ambiri anali atapita kukasaka maganyu. Amayi masana ambiri ankaitanidwa kukaphunzira nyimbo ndi amayi anzawo a chipani, ndipo kumeneko kunalibe kukana. Pakhomo tinkatsala awiri, ine ndi amalume.

Tinkalowa m'nyanja youmayo n'kuika pansi dengu lakale la matemba. Pambali pake ndinkazika bango, n'kumangirirapo kansalu koyera kamene ndinang'amba ku thumba la mchere. Amalume ankaima chapatali pang'ono, mtunda wake ngati kuchoka pakhonde kukafika pakhola la mbuzi. Ankafuna kuti kampira kakwere m'mwamba, katsike, kagwere pafupi ndi dengu.

"Kumenya kutali ngakhale chidakwa chingathe," ankatero. "Chovuta ndi pafupi."

Anandionetsa kuti mtunda sautenga m'mphamvu ayi, amautenga pamene manja afika pobwerera m'mbuyo. Dengu likakhala pafupi, manja alekeze pabondo. Likasunthira uko, afike m'chiuno. Likatalikirako, paphewa. Koma liwiro likhale limodzimodzi, ngati munthu wopalasa bwato amene sakuthawa kanthu. Ankati ukachita mantha n'kubweza dzanja pofika pakampira, chitsulo chimadya dothi, kampira n'kungokuseka pamapazi pako. Mpaka lero ndikamathira mchere mundiwo ndimamva mawu awo: bondo, chiuno, phewa.

Ntchito yanga inali kuima chapambali, kuona pamene kampira kagwera kasanalowe mumng'alu, ndi kufuula kuti "Kaperewera!" kapena "Kapitirira!" Kufuulako ndiko kunali phiri. Ine ndinali mwana woti aphunzitsi akandiloza, ndinkayang'ana zala zakumapazi mpaka atopa n'kufunsa kuti, "Kodi mawu unawasiya kunyumba?" Masiku oyamba ndinkangonong'ona.

"Iwe mphwanga, ukuuza nyerere?" amalume ankakuwa. "Ine ndili kuno!"

Ndinkaseka, kenaka mawu n'kutuluka okha. M'nyanja mopanda madzi mawu amapita kutali, ndipo palibe amene amacheuka kukuyang'ana.

Amayi sizinkawasangalatsa. Tsiku lina akuchokera kovina, fumbi lili m'miyendo, anatipeza tikubwerera.

"Achimwene, anthu akuseka. Anzanu akusaka chodyetsa ana, inu mukulima fumbi ndi khasu la azungu."

"Achemwali, alekeni asekeko, chaka chino chosekera chikusowa," anayankha amalume. Kenaka anatsitsa mawu. "Manja akaiwala, maso akadzachira adzapeza ndani?"

Amayi anangowachotsa kaudzu pakolala ya malaya, n'kulowa m'nyumba. Ine ndinaona ngati amalume apambana mkanganowo. Lero ndikudziwa kuti amayi anathawa kuti tisaone nkhope yawo.

Zinthu zinkasintha pang'onopang'ono, ndipo ine chilichonse ndinkachilemba ngati nkhani yabwino. Poyamba anandiuza kuti bango lija ndi lalifupi, ndipeze lalitali. Ndinapeza. Patapita masiku anandifunsa ngati mphepo yagwetsa kansalu, pamene kansaluko kanali petupetu pamaso pawo. Kenaka tsiku lina anati, "Lero tisinthe. Kaime padengupo, undiitane."

Ndinakaima. "Amalume!"

Anapendeketsa mutu ngati nkhuku yomvera mphamba. "Bwereza."

"Amalumeee!"

"Chiuno," anadziuza okha. "Tsopano suntha, ndingakuphwanye mutu amako andidye."

Ndinasuntha. Chitsulo chinalira kuti thwa, kafumbi kanadzuka, kampira kanakwera n'kuima kaye m'mwamba ngati kakuganiza, kenaka kanatsika n'kugwera m'dengu mwenimwenimo. Ndinalumpha, ndinakuwa mpaka amayi ena opita ku Chisi anaima ndi mitolo yawo. Madzulo ake ndinalemba kuti: "Amalume achira. Sakufunanso kansalu." Ndikawerenga mzere umenewu ndimafuna kumukumbatira mwana amene anaulembayo.

Mvula yoyamba inagwa usana, madontho akuluakulu, ming'alu n'kumamwa mosakhuta. Fungo la dothi linadzaza mudzi wonse. Mtsinje wa Likangala unayamba kutsika ndi madzi ofiira, ndipo anthu anatembenuza mabwato kuyang'ana mobowoka. Amalume anachapitsa malaya awo, anawasita ndi makala. M'mawa mwake ananyamuka ndi amayi kukakwera lole ya ku Zomba, ndodo ili paphewa ngati mfuti.

Anabwera mawa lake dzuwa litapendeka. Ndinawaonera patali m'kanjira ka m'munda. Amayi anali patsogolo atagwira kumutu kwa ndodo, amalume m'mbuyo atagwira kuchigwiriro, akuponda pamene amayi aponda. Ndinadabwa kuti kandodo kopepuka chotero akukanyamuliranji awiri.

Zimene zinachitika ndinazimva amayi akuuza mnzawo kuseri kwa nkhokwe. Kapitawo anamenya kampira kamodzi kokha. Onse amene analipo anatembenuza mitu kukatsatira, koma amalume anangoyang'anabe pamene chitsulo chinalirira. Anatchula bwinobwino mtunda umene kapita, poti anaumva m'kulira kwake, koma atauzidwa kuti akakatole, anayenda n'kukaponda osakaona. Kapitawoyo, amene anagwira nawo ntchito kuyambira unyamata, anangowagwira dzanja nthawi yaitali. Chikwama anapatsa wina.

Ndinapita pakhonde pamene amalume anakhala. Anandizindikira ndi mapazi.

"Mphwanga, tenga ndodoyi. Usamaisiye pamvula."

Ndinailandira ndi manja awiri. Ndinalimba mtima n'kufunsa ngati mawa tipitenso, poti kumtunda kwa dooko kunali kusanafike madzi.

Anasisita bondo. "Kansalu kaja sindikukaonanso, mwana wa mlongo wanga. Ndi kale ndinasiya kukaona."

Ndinathamangira kumene tinasiya bango. Kansalu kanali kadakalipo, katanyowa, kofiirira ndi fumbi la miyezi yonse ija. Mtima wanga unakhala pansi, chifukwa ndinaona ngati vuto ndalipeza, ndipo linali laling'ono, lotheka ndi manja anga. Ndinakamasula, ndinakapinda, ndinakabisa m'kope. Dzuwa lisanalowe ndinalemba kuti:

"Kansalu kada, n'chifukwa chake. Mawa ndipempha amayi kachidutswa ka sopo, ndikakachape ku Likangala, ndikayanike padzuwa mpaka kayere kuti mbee. Ndikatero amalume akaona."