Akula Nalo

Akulu anga ndi telala, ndipo chiyambire ntchitoyi anali asanasokerepo mwana chovala chomukwana. Mukabwera ndi mwana wanu kuti amuyeze, amazunguliza tepi m'chiuno, n'kulowetsamo zala zawo, kenako ndiye n'kulemba muyezo. Mukadandaula kuti diresi likukwekwereza pansi, amayankha osadzutsa mutu pamakina: "Akula nalo." Ine ndimagwira nawo m'kashopu komweko, yanga ndi kusita ndi kusokerera mabatani, ndiye mawu amenewa ndawamva mpaka makutu kuwawa.

Ali ndi mwana mmodzi, wamkazi, amene timamutcha Kabatani poti anabadwa wochepa thupi. Mwanayu ali ndi matenda akugwa. Tsiku lina atagwa kusukulu, anzake anayamba kumutsanzira pabwalo, ndipo akulu anga anamutulutsa kuti azimuphunzitsa okha. Alamu anga, bambo a mwanayu, amene banja linatha kalekale n'kukakwatira kwina, nkhaniyi sinawakomere. Anabwera kushopu, n'kuima pakhomo osalowa.

"Chaka chikamatha, mwanayu akayesedwe ndi mphunzitsi," anatero. "Akalephera kulemba, ndimutenga azikakhala kwanga."

Akulu anga anavomera mosavuta, chifukwa kulemba Kabatani anali nako m'magazi. Ankatola tizidutswa ta choko chathu cholembera nsalu, n'kukwawira pansi pa tebulo lodulira, kumalemba pasimenti nkhani za mphaka wa kuseri kwa shopu. Zilembo zake zinali zokhotakhota, zina zoyang'ana kumbuyo, koma nkhani inkamveka. Ine pokolopa ndinkapalambalala pamenepo.

Tsiku logula buku lophunzitsira kulemba ndinawaperekeza. Wogulitsa, mayi wa magalasi wodekha bwino, anafunsa zaka za mwana n'kuyala mabuku patebulo. Lina linali lokopera ziganizo. Lina linali la zithunzi: mwana amaona chithunzi, amafotokoza pakamwa, kenako amalemba mizere iwiri kapena itatu.

"La zithunzili ndiye la msinkhu wake," anatero mayiyo.

Akulu anga sanalitsegule n'komwe. Maso awo anali pashelefu yapamwamba, pa chibuku cha ana a makalasi akutsogolo, chophunzitsa kulemba chimangirizo chokhala ndi chiyambi, thunthu ndi mathero. Anachitsitsa n'kutsina mapepala ake ngati akuyesa nsalu.

"Limenelo limukulira, mayi," anatero wogulitsa.

"Akula nalo."

Ndinawakoka mkono. "Akulu, buku si siketi. Mukalipinda pati?"

"Iwe zako ndi nsimbi," anandiyankha. Ndinapsa mtima, ndipo ndinatuluka kukawadikirira panja.

Musawaone ngati munthu wouma mtima ayi. Ankaopa. Ankaganiza kuti mphunzitsi akadzaona mwana akulemba za akuluakulu, alamu adzasowa chonena.

Basi, m'mawa uliwonse tisanatsegule shopu, mayi ndi mwana ankakhala patebulo lodulira lija. Buku linkati: lemba mfundo zitatu zoikira kumbuyo maganizo ako. Kamwana kosadziwa n'kumanga zingwe za nsapato komwe, katenge kuti mfundo? Kankangoluma pensulo. Kakalemba chiganizo, amayi ake ankachizunguliza ndi choko chofiira monga amachitira pamsoko wokhota, n'kuti, "Fufuta, yambiranso." Mapepala ankachita kubooka ndi kufufuta.

Patapita miyezi, tsiku lina ndinadzidzimuka kuona kuti ndakolopa chipinda chonse. Pansi pa tebulo panalibe choti ndilambalale.

"Kabatani, mphaka uja anathera pati?" ndinamufunsa.

"Amayi aang'ono, nkhani imene ija ndi yolakwika," anatero. "Ilibe thunthu."

Zinandipweteka kwambiri. Titatseka shopu ndinawalalatira akulu anga, mawu ena osayenera kuuza mkulu wako. Mawa lake anapita okha kukagula la zithunzi lija. Koma zinali zitachedwa. Mwana uja akangoona pepala, dzanja linkauma, n'kumayang'ana nkhope ya amayi ake kuti aone ngati walakwa kale.

Mphunzitsi woyesayo anali munthu wabwino, sindingamunamizire. Anangomupatsa pepala n'kumuuza kuti alembe chilichonse chimene amakonda. Kabatani analemba dzina lake pamwamba, osalembanso china mpaka nthawi inatha.

Alamu anatumiza uthenga kuti abwera Loweruka. Ndinkayembekeza kuti akulu anga akana, akangana, achita chilichonse, koma iwo anati mawu anavomera okha ndi pakamwa pawo. Anatsitsa nsalu yabwino kuposa zonse m'shopumo, yobiriwira ya timaluwa, n'kumuitana mwana kuti amuyeze. Ine maso anga anali pa zala zija. Sanazilowetse, tepi inagona pathupi penipeni.

Loweruka Kabatani anavala diresilo. Linamukwana ndendende, m'mapewa, m'chiuno, mpendero pamawondo. Ndi tsiku limenelo pamene ndinaona kuti mwana uja ndi wamng'ono chotani, poti zaka zonsezi tinkamuona ali m'zovala za chaka chamawa. Alamu analiza hutala ya galimoto panja. Kabatani anawerama, n'kutembenuza mpendero kufunafuna nsalu yopindira mkati imene amayi ake ankasiya nthawi zonse.

"Amayi, mulibe chomasula umu. Nanga ndikakula?"

Akulu anga anamukonza kolala, kolala yoti inali yokonzeka kale.

"Ukakula udzabwere," anatero, "ndidzakuyezenso."

Galimoto itachoka anakhala pamakina, phazi lili pa chopondera, osaponda. Masiku ano amagwira ntchito ngati kale, ndipo makasitomala amayamikira kuti zovala za ana zikumakwana bwino. Ine ndikamakolopa, pansi pa tebulo paja ndimapalambalalabe.