Nkhaka za m'nyumba yagalasi

Bambo anga ankagwira ntchito m'dimba la mzungu wina ku Chipoka. Ankatiuza za nyumba yagalasi mmene nkhaka zinkalendewera, zazitali ngati mkono, zosalala, zopanda minga. Ine ndinkailota nyumbayo ikuyandama panyanja, m'kati mwake nthunzi ili tolotolo.

Tsiku lina anabweretsa nkhaka imodzi yokhwima. Amayi anasunga njere zake m'chipanda cha phulusa, monga tinkachitira ndi mbewu iliyonse, n'kudzazibzala kudimba madzi ataphwa. Sitinkadziwa kuti mtundu umenewo umakongola m'badwo umodzi wokha. Zinabereka tinkhaka topindika, towawa. Ndinatitaya m'bango ndikulira.

Amayi anangoti, "Mbewu yoiwala make siyosunga."

Ndakalamba tsopano, koma ndikatsinzina nyumba ija ikuyandamabe, ndipo sindinalowemo.